Tikamupulumutsa, adzamuphunzitse ndani kudya yekha?

Mukadzapezeka pa Khombedza tsiku la sikelo ya ana, mudzaime kaye pambali n'kuyang'ana kumapeto kwa mzere. Kutsogolo kumakhala phokoso: ana akulira, amayi akuseka, mlangizi wa zaumoyo akuitana mayina. Koma chakumapeto, kapena pansi pa mtengo chapatali pang'ono, mudzaona mayi atabereka mwana wamkulu ndithu, wa zaka zitatu kapena zinayi, miyendo ikulendewera, mutu utagwera kumbali. Amakhala atamufunditsa chitenje chachiwiri ngakhale dzuwa la ku Salima likuswa mtengo. Mwanayo sakudwala malungo. Amukweza pa sikelo, alemba kuti thupi ndi lochepa, amulangiza za kasinthasintha wa zakudya, n'kubwerera kwawo. Funso limene mayiyo wabwera nalo mumtima, lakuti mwanayu adzakhala liti pansi yekha, si funso limene sikelo inakonzedwa kuti iyankhe.

Ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba kwa zaka zoposa 30, ndipo masiku ano ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya anamwino ya mpingo. Timapita ndi ophunzira kumidzi kuti akaone umoyo wa anthu komwe amakhala. Ulendo wina, m'mudzi wina wa kwa Khombedza, mayi wotereyu anandipatsa kabuku ka kuchipatala ka mwana wake. Patsamba loyamba panali zolemba za mzamba mnzanga amene sindimudziwa: kubereka kunatenga nthawi yaitali, mwana sanalire atabadwa, anamupopera mpweya, analira patapita mphindi zingapo, anatuluka ali bwino. Mzambayo anagwira ntchito yake bwino lomwe, ndendende momwe ndimaphunzitsira. Mu lipoti la mwezi umenewo mwanayu anawerengedwa m'gulu la opulumuka, ndipo n'zoona anapulumuka. Koma pa zaka zinayi anali asanakhalepo pansi yekha. Phala amamwa atagona chagada pamiyendo ya amayi ake, akutsamwa pafupifupi supuni iliyonse.

"Anesi," anatero mayiyo, "kodi ophunzitsa ana oterewa alipo?"

Alipo. Nkhani yanga ndi ya anthu amenewa, komanso ya zimene zikuchititsa kuti mayi wa kwa Khombedza asakumane nawo.

Si mafizo okha ayi

Ambirife timadziwa mafizo. Munthu akathyoka mwendo kapena akafa ziwalo, timati apite ku mafizo akamuwongole. Pali ntchito ina yoyenda limodzi ndi mafizo imene dzina lake ndi occupational therapy. Mpaka lero tilibe dzina la Chichewa limene tonse tinagwirizana, ndipo ena akamva dzinali amaganiza kuti ndi anthu opezera anzawo ntchito. Ntchito imene ikunenedwa apa ndi zonse zimene munthu amachita kuyambira podzuka mpaka pogona: kusamba, kuvala, kutema nsima, kupita kuchimbudzi, kumanga chitenje, kugwira khasu kapena pensulo, kusewera ngati ndi mwana. Wa mafizo amalimbitsa mkono. Katswiri wa occupational therapy amafunsa kuti mkono umenewu mukufuna muzichita nawo chiyani. Ngati mkonowo sudzabwereranso mwakale, amasintha supuni, mpando, khomo kapena kachitidwe ka ntchitoyo, kuti munthu aichitebe yekha.

Zina mwa nzeru zawo n'zosavuta moti mukhoza kudabwa kuti simunaziganize. Munthu wofa mbali imodzi azivala malaya poyamba ndi dzanja lofookalo, povula n'kuyamba ndi lamphamvu. Osamudzutsa pomukoka dzanja lofooka, chifukwa phewa limaguluka. Chogwirira cha supuni chikakulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga chimanenepa, ndipo zala zofooka zimatha kuchigwira. Pa chimbudzi chokumba, mpando wobowola pakati ndi mtengo wogwirira wozika pambali zimachotsa manyazi a bambo wamkulu amene amachita kunyamulidwa ndi mpongozi wake. Mwana wovutika kumeza adye atakhala tsonga, chibwano chitatsika pang'ono, phala lolimbirako, pang'onopang'ono. Kumugoneka chagada kapena kumutsina mphuno kuti ameze, monga amachitira ena mwachikondi ndithu, kumalowetsa phala m'mapapo, ndipo chibayo chimene timachiza mobwerezabwereza chimachokera pamenepo.

Ofuna thandizoli akuchuluka

Ndinene mosabisa kuti mbali ina ya vutoli yabwera chifukwa cha kupambana kwathu. Pamene ndinkayamba ntchito, ana ambiri obadwa osalira kapena obadwa masiku asanakwane ankamwalira. Lero azamba timaphunzira kupopera mwana mpweya m'mphindi yoyamba, tili ndi njira ya kangaroo, ndipo m'zipatala zambiri muli makina a CPAP othandiza ana kupuma. Ana ambiri akupulumuka, ndipo ochuluka mwa iwo amakula bwinobwino. Koma ena ubongo wawo umakhala utavulala chifukwa chosowa mpweya, chikasu chachikulu cha m'chikuta, kapena matenda oumitsa khosi.

Kuno kunyanja kulinso malungo. Kafukufuku amene anachitika ku Blantyre pa ana opulumuka malungo a muubongo anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu aliwonse anatsala ndi vuto, monga khunyu, kufooka kwa ziwalo kapena kusintha kwa khalidwe. Mwana ameneyu timamutulutsa kuchipatala malungo atatha m'magazi. Zimene zimachitika akabwerera ku sukulu, n'kuyamba kutchedwa wopulupudza kapena mbuli, sizilembedwa paliponse.

Onjezeranipo akuluakulu. Kuthamanga kwa magazi ndi shuga sizilinso matenda a m'tauni okha, ndipo sitiroko ikugwetsa alimi ndi asodzi amene sanayezetsepo BP chibadwire. Njinga zamoto za kabaza pa msewu wa M5 zikusiya achinyamata ovulala mutu ndi msana. Odwala khunyu amagwera pamoto, ndipo chilonda chikapola popanda womangirira dzanja moyenera, zala zimakhwinyata n'kumatirira. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'mwamba ali ndi ulumali wa mtundu wina. Mukawerenga anthu khumi pa mjigo wa m'mudzi mwanu, mmodzi ali m'gulu limeneli, kupatula uja amene sangathe n'komwe kufika pa mjigopo.

Malamulo afika, anthu ogwira ntchito sanafike

Pa nkhani ya malamulo dziko lathu layenda mtunda ndithu. Lamulo la 1971 limene linakhazikitsa MACOHA linkaona munthu waulumali ngati wofuna kuchitiridwa chifundo. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, mu 2012 kunabwera lamulo la Disability Act, ndipo mu 2024 lamulo latsopano la Persons with Disabilities Act linalowa m'malo mwa awiri akalewo. MACOHA inasintha n'kukhala MACODA, bungwe loyang'anira kuti ufulu wa anthu aulumali ukulemekezedwa. Mabungwe a eni ake, monga FEDOMA ndi PODCAM ya makolo a ana aulumali, anamenyera zimenezi kwa zaka zambiri. Kunja nakonso mphepo ikuombera komweko: bungwe la WHO linayambitsa ndondomeko ya Rehabilitation 2030 mu 2017, ndipo mu Meyi 2023 mayiko anagwirizana pa msonkhano waukulu wa zaumoyo ku Geneva kuti thandizo lobwezeretsa munthu pa ntchito zake likhale mbali ya chithandizo cha chipatala, kuyambira pa zipatala zazing'ono.

Kusintha kwa maganizo kumeneku n'kofunika kwa katswiri wa occupational therapy, chifukwa ndi momwe iye amaonera zinthu. Mwana wa pa njinga ya olumala salephera sukulu chifukwa cha miyendo yake yokha. Amalephera chifukwa cha masitepe a pakhomo la kalasi, mchenga wa panjira, ndi chimbudzi chimene ayenera kukwawa kuti alowemo. Ndondomeko ya boma ya maphunziro ophatikiza ana onse, imene inayamba mu 2017, inatsegula zitseko za sukulu, ndipo koleji yathu ya Montfort ku Nguludi yakhala ikusula aphunzitsi a ana ofuna thandizo lapadera. Koma mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 m'kalasi imodzi sangadziwe yekha kuti mwana uyu akhale pa mpando wotani kuti dzanja lake limasuke kulemba. Afunika munthu womuonetsa, ngakhale kamodzi pa teremu.

Munthu ameneyo ndiye akusowa. Akatswiri a occupational therapy m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ndipo ambiri ali m'mizinda, m'zipatala zikuluzikulu ndi m'mabungwe. Kwa nthawi yaitali wofuna kuphunzira ntchitoyi ankayenera kutuluka kunja, ena kupita ku Moshi ku Tanzania. Ngakhale digiri ya mafizo inayamba mu 2010 pa College of Medicine, imene lero ili mbali ya yunivesite ya KUHeS. Amene anyamula katunduyu m'maboma ndi ma rehabilitation technician, ambiri osulidwa ku Kachere mu Blantyre pansi pa bungwe la MAP, lija linayamba ndi dzina la Malawi Against Polio. Munthu mmodzi amaphunzira pang'ono za mafizo, pang'ono za occupational therapy, n'kupatsidwa anthu a boma lonse. Ndimawalemekeza kwambiri anthu amenewa. Koma pa chipatala chaching'ono cha kumudzi mumapeza namwino, dokotala wamng'ono ndi alangizi a zaumoyo. Malo a ntchito a wothandiza olumala nthawi zambiri amayambira pa chipatala cha boma.

Mtunda ndi ndalama

Tsono taganizirani ulendo wa mayi uja. Kuchoka m'mudzi mwake ayende pansi kapena akwere kabaza mpaka pa msewu wa tala, mwana wa makilogalamu oposa khumi ali kumsana. Akwere minibasi kupita ku Salima boma. Ngati mwana akufunika nsapato yapadera kapena chitsulo chothandizira mwendo, ulendo upitirire ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchoka pa boma. Ndipo thandizo limeneli si jakisoni wobaya kamodzi. Limafuna kubwerera mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, mwana akamakula mpando wake n'kumachepa. Chithandizo cha boma n'chaulere, inde, koma thiransipoti si yaulere, ndipo tsiku limene mayi ali pa msewu ndi tsiku limene sanapalire thonje kapena kuyanika usipa. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa ulendo unakwera, pamodzi ndi mtengo wa chilichonse chochokera kunja: njinga za olumala, zipangizo zopangira zomangira manja, ngakhale matayala. Mayi akasiya kubwera timalemba kuti wathawa chithandizo. Mawu amenewa ndinasiya kuwalola m'kalasi mwanga.

Ndalama za boma nazo zimatsata zimene zimawerengedwa. Mu 2001 mayiko a mu Africa analonjeza ku Abuja kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, koma yathu nthawi zambiri sifika pamenepo, ndipo zochepazo zimayamba zapita ku mankhwala, malipiro ndi mafuta a ambulansi. Sindingatsutse zimenezo, ine amene ndaonapo mayi akutaya magazi usiku. Koma zotsatira zake n'zakuti ntchito yothandiza olumala yakhala ikudalira mabungwe akunja, ndipo pulojekiti ikatha galimoto imasiya kubwera. Kudulidwa kwa thandizo la dziko la America kumayambiriro kwa 2025 kunationetsa tonse kuti kudalira kotereku n'kuyedzamira chitseko chosakhoma.

Palinso Mtukula Pakhomo, amene anayamba ku Mchinji mu 2006. Wathandiza mabanja ambiri, kuphatikizapo a anthu aulumali. Kwa zaka zambiri muyeso wake wakhala wakuti banja likhale losaukitsitsa komanso losowa munthu wamphamvu wogwira ntchito. Mayi wa zaka 25 amene ali ndi mwana mmodzi wolumala amaoneka wamphamvu pa pepala. Palibe amene amawerengera kuti manja ake onse awiri ndi omangika kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Zimene zimanenedwa kuseri

Ngakhale katswiri atafika lero pa Khombedza, angapeze kuti ena amudziwa kale mwanayo ndipo anapereka kale chigamulo. Ena amati mayi anachita chigololo ali woyembekezera, kapena sanasunge mwambo. Ena amati bambo kapena malume anamuika mwanayo m'mankhwala kuti bizinesi kapena boti liziyenda bwino. Ndamvapo bambo akunena kuti kumtundu kwawo kulibe zoterezi, n'kulongedza katundu wake. Pa ukwati wa chikamwini kuchoka kwa mwamuna n'kosavuta, ndipo mwana amatsala ndi amayi ake ndi agogo ake aakazi. Ndalama zimene zikanakhala za ulendo wa kuchipatala zimathera kwa asing'anga ndi kwa aneneri olonjeza kuti mwana ayenda Lamulungu likubwerali.

Pano ifenso a m'chipatala tisadziyeretse. Mayi akamva kwa ife kuti "palibe chimene tingachite", kapena "adzayenda yekha, ana amasiyana", timakhala tamukankhira tokha kwa wolonjeza zozizwitsa. Zoona zake n'zakuti ubongo wovulala sitingaubwezeretse, koma pali zambiri zimene tingachite, ndipo zimathandiza kwambiri zikayamba msanga. Mwana amene pa miyezi inayi sakuimika khosi, kapena pa miyezi isanu ndi inayi sakukhala pansi, makamaka ngati anabadwa movutikira, ayenera kuonedwa. Osadikira kuti anzake ayambe sukulu.

Musaiwalenso kuti ntchito imeneyi imakhudza matenda a maganizo. Ku Zomba Mental Hospital ndi kwa abale a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kulima dimba, kuphika, kusoka ndi kusunga nthawi ndi mbali ya chithandizo. Mnyamata amene wabwerako kumeneko akangokhala pakhonde tsiku lonse, opanda womupatsa ntchito ngakhale ya kumwetsa mbuzi chifukwa anthu akumuopa, posachedwa amabwerera ku chamba ndi kachasu.

Mpingo uli pati?

Zipatala za CHAM zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Mgwirizano umene boma limalipirira odwala m'zipatala zimenezi umakhudza makamaka amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Ndiye kuti boma limalipira kuti mwana abadwe, koma akabadwa ndi vuto, zaka zotsatirazo n'za m'thumba la amayi ake. Ndikuona kuti atsogoleri athu a zaumoyo mu mpingo akamakambirana ndi a makhonsolo za mgwirizanowu, nkhani ya kulondola ana obadwa movutikira iyenera kukhala pa tebulo. Nafenso aphunzitsi a anamwino tili ndi mlandu. Timathera masabata ambiri pa kubereketsa, ndipo n'koyenera, koma maola ophunzitsa kadyetsedwe ka mwana wovutika kumeza kapena katembenuzidwe ka wodwala sitiroko ndi owerengeka. Namwino sangalowe m'malo mwa katswiri. Komabe ndi namwino ndi mlangizi wa zaumoyo amene mayi wa kwa Khombedza adzakumane nawo chaka chino.

Inu a m'miphakati muli ndi luso limene mwina mwaliiwala. Pa nthawi imene Edzi inkapha anthu ambiri, mankhwala otalikitsa moyo asanafike, ndi inu amene munkayenda khomo ndi khomo kusambitsa odwala, kuwatembenuza maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda, kuwatungira madzi. Ambiri mwa odziperekawo akadalipo. Munthu wofa ziwalo uja wa pa Marko 2 anafika kwa Ambuye chifukwa panali anthu anayi omunyamula, ndipo pamene khomo linatsekeka ndi khamu anasasula denga. Kodi pa tchalitchi chanu pali polowera njinga ya olumala? Kodi m'kaundula wa mphakati mwanu muli dzina la mwana amene amatsala m'nyumba ena onse akapita ku Misa? Wolandira Ukaristia kunyumba mwezi ndi mwezi mumamudziwa. Mwamufunsapo kuti kuchimbudzi amapita bwanji?

Mpando wa makatoni

Tinabwerera kwa mayi uja patapita milungu ingapo, titapempha rehabilitation technician wina kuti atiperekeze pa tsiku lake lopuma. Anayeza mwanayo ndi chingwe: kuchoka m'chiuno kufika kuseri kwa bondo, kuchoka pa bondo kufika ku chidendene, m'lifupi mwa mapewa. Ophunzira anga anatolera makatoni ku magolosale a pa Khombedza. Tinawadula, n'kuwamata atatuatatu ndi phala la ufa, mizere yake yopingasana kuti alimbe, kenaka n'kukuta ndi mapepala a matumba a simenti. Njira imeneyi imagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri a mu Africa, ndipo mpando wake ukauma bwino n'kupakidwa penti umalimba modabwitsa, bola osausiya pamvula kapena pa chiswe. Unatenga masiku angapo kuti uume padzuwa.

Tsiku lomukhazika, mwanayo analira kaye. Kenaka anakhala chete, maso ali pa nkhuku zimene zinkatola madeya pafupi ndi mtondo. Kwa zaka zinayi ankaona denga la nyumba kapena msana wa amayi ake. Agogo ake anaomba m'manja, ana a pafupi anabwera kudzaona, ndipo mmodzi anamuikira chitsekero cha botolo pa kathebulo ka kutsogolo. Anayesa kuchigwira, chinagwa. Anamuikiranso.

Mayiyo anamudyetsa phala atakhala moyang'anizana naye. Anatsamwa kawiri kokha. Supuni sanagwire yekha, ndipo mnzathu uja ananena poyera kuti mwina zidzatenga zaka, mwinanso sizidzatheka. Anamulembera tsiku lodzaonedwanso ku boma. Mayiyo anayang'ana tsikulo m'kabuku, n'kuwerenga miyezi ndi zala. Anati adzabwera akakolola mpunga.